Malo Amene Sindinawalembe Papepala la Bambo

Viza itatuluka, bambo anandiimbira foni kuchokera ku Zomba. "Undilembere malo oti ndidzaone," anatero. "Sindikubwera kumeneko kudzakhala pampando ngati katundu." Iwowo anaphunzitsa jogalafe kusekondale mpaka kupuma pantchito, ndipo London ankamudziwa pabolodi kuposa ine. Ine zaka khumi ndi ziwiri zonse ndinkangodziwa njira yochokera ku Barking kupita ku Romford, kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unamwino.

Panali malo amodzi amene sindinkafuna kuti bambo apondeko, manda a mlongo wanga, womaliza kubadwa m'nyumba mwathu. Iye anabwera kuno kudzaphunzira. Sukulu inamukanika, koma mowa sunamukanike. Ndinamusunga, ndinamulangiza, ndinamulalatira, mpaka tsiku lina nditaweruka ndinamupeza atagona pakhomo, chitseko chili pululu, mbaula ikuyaka yokha. Ine ndine wa mtima wapachala, sindikana. Ndinamuponyera zovala zake panja ndi kumuuza kuti ndatopa naye. Anapita ku Croydon kwa anzake amene sindinkawadziwa. Anandiimbira kawiri, sindinayankhe.

Uthenga unandipeza patatha miyezi isanu ndi iwiri, kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi. Pamenepo n'kuti atamwalira kale, ataikidwanso kale. A khonsolo anafunafuna abale osawapeza, ndiye anamuika kumene amaika anthu osowa wowalira. Kumudzi sindinanene zimenezi. Ndinati ndinali pambali pake mpaka kumapeto, ndinati a mpingo anabwera ambiri, kwaya inaimba, ndipo pamanda pali mwala wolembedwa dzina lake. Bodza limeneli ndinakhala nalo zaka zisanu, ndipo linkandidya tsiku lililonse.

Choncho pepala la bambo ndinalilemba ndi cholinga. Pa nthawi ya tiyi ndinafunsa aliyense kuntchito kuti mlendo wochokera kutali angaone chiyani. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anachokera ku Dedza, anati, "Sisi, palace musaiwale, nyumba yachifumu ija, madala amakonda chithunzi cha pa gate." Wina anatchula wotchi yaikulu ija ya m'mbali mwa mtsinje, wina mlatho umene umatseguka pakati, wina tchalitchi chakale chimene amavekeramo mafumu ufumu. Dokotala wina anandiuza za mapiri a ku Scotland ngati kuti ndi kuseri kwa nyumba. Ndinalemba zonse, masiku khumi ndi anayi onse n'kudzaza, osasiya ngakhale m'mawa umodzi. Mumtima ndinkati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiwatopetsa, ndiwakweza ndege, nkhani ithera pomwepo.

Anafika mu Novembala, mvula yamawawa ili mkati, dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Jasi imene ndinawagulira inawakulira, ndipo m'pamene ndinaona kuti bambo anga achepa thupi. Tinayenda. Pageti la nyumba yachifumu anayang'ana mazenera onse aja n'kufunsa kuti, "Nyumba yonseyi palibe ngakhale mwana mmodzi wosewera pakhomo?" Ku Greenwich anaima pamzere uja wogawa dziko lapansi pakati, mwendo wina kum'mawa, wina kumadzulo, akuseka ngati mwana wa sitandade wani. Anati mzere umenewu anaujambula ndi choko mpaka zala kuuma, osadziwa kuti ndi kachitsulo chabe ka pansi. Tsiku limenelo lokha ndi limene ndinawaona akuseka.

Chimene anzanga aja sanandiuze n'chakuti theka la zoonetsa alendo mumzinda uno ndi anthu akufa. M'tchalitchi chakale chija munthu umayenda pamwamba pa manda, paliponse mwala, pamwala paliponse dzina. Bambo ankawerama n'kumawerenga limodzilimodzi, milomo ikugwedezeka. Kunyumba yosungiramo zinthu zakale anaima nthawi yaitali pa mtembo wina wa ku Iguputo wokulungidwa m'nsalu. "Taona," anatero, "uyu anafa kalekale, kwawo n'kutali, koma amulembera dzina." Ndinakwiyira amene anandiuza za malowo, ndinakwiyira mvula, ndinakwiyira ngakhale mnyamata wogulitsa matiketi. Koma wolakwa ndinkamudziwa.

Kawiri konse anandifunsa kuti kwa mlongo wanga tipita liti. Koyamba ndinati njanji ya kumeneko akuikonza. Kachiwiri ndinati tidikire nyengo ikhaleko bwino, ngati kuti kuno nyengo imakhalako bwino. Sanatsutse. Anangondiyang'ana mmene ankayang'anira ana onama kuti kope laiwalika kunyumba.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri tinayenera kupita kunyanja ku Southend. Nditatuluka kuchipinda ndinawapeza atakhala pabalaza, atavala suti yakuda ndi tayi, chipewa chili pamaondo.

"Bambo, kunyanja kuli mphepo, suti imeneyo muzizidwa nayo."

"Madzi ndinawaonapo," anatero. "Mayi ako anandituma dothi la pamanda a mwana wawo, akufuna akalikwirire pafupi ndi agogo ake. Ndikafika chimanjamanja ndikawauza chiyani? Kuti ndinaona wotchi?"

Ndinasowa mtengo wogwira. Tinakwera sitima, kenako basi. Kumandako ndinali nditafikako kamodzi kokha, ndipo malo ake sindinkawakumbukira. Ndinalowa muofesi, ndinatchula dzina, bambo akumva. Mzungu wina wachikulire wa jombo zamatope anayang'ana pakompyuta, n'kutitsogolera. Tinadutsa manda a miyala yonyezimira, a maluwa, a zithunzi, mpaka kumapeto kwenikweni pafupi ndi mpanda. Kumeneko kunali kapinga basi, ndi tizitsulo ting'onoting'ono ta manambala. Munthu uja analoza kamodzi.

Bambo anayang'ana uku ndi uku. "Mwala uli kuti?"

"Kulibe mwala, bambo."

"Unagwa?"

"Sunakhalepo."

Ndinawauza zonse nditaimirira pomwepo, mvula ikutinyowetsa. Za zovala zimene ndinaponya panja, za foni imene sindinayankhe, za miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafunitsitsa atandikalipira. Iwo anatembenukira kwa mzungu uja n'kumufunsa m'Chingerezi chawo cha m'kalasi chifukwa chake palibe dzina. Iye anafotokoza mwaulemu kuti dzenje limeneli si la munthu mmodzi, muli anthu anayi osanjikizana, n'chifukwa chake saikapo mwala wa mmodzi. Bambo anafunsanso kuti mwana wawo ali pati. Munthuyo anayang'ana kapepala kake n'kunena kuti ndi wachiwiri kuchokera pansi. Bambo anathokoza, iye n'kutisiya.

Anagwada pamatopepo ndi suti yawo. Ndinafuna kuwagwira mkono, anandikana. Anazula kapinga ndi zala, anatapa dothi lodzaza dzanja, analimanga m'kampango ka m'thumba.

"Dothi ili ndi la anthu anayi," anatero osandiyang'ana. "Palibe kanthu. Mayi ako awalandira onse, nawonso kwawo kuli owafuna."

Kenako anafunsa, "Kwaya ija unatiuza, inaimba nyimbo yathu ija?"

"Kunalibe kwaya."

"Abusa?"

"Sindikudziwa, bambo. Ine kunalibe."

"Ndiye kuti mwana wanga analowa m'nthaka popanda womuimbira."

Bambo anavula chipewa n'kuchiika pansi. Anayamba nyimbo ya maliro ya kutchalitchi kwathu, imene tinkaimba poika agogo, mawu awo atasasa, akupuma pakati pa mzere. Ine ndinangoima kumbuyo kwawo ndikulira, osaimba nawo chifukwa cha manyazi. Atamaliza ndime yoyamba anasiya, anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba chichokereni kunyumba.

"Gwada apa uimbe," anatero. "Wachedwa kale zaka zisanu."