Kope Lomwe Ndinawerenga pa Chimkuzamawu

Sikipa yachikasu ija inkandifika m'mawondo, ndipo inkanunkha katoni. Aphunzitsi anatipatsa masikipawo ife ana asanu a Sitandade 8 kuti tikathandize pa chikondwerero cha alembi a mabuku chomwe chinkachitikira pasukulu pathu ku Thuchila. Inali nyengo ya chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. Sabata yonseyo sindinkakhazikika. Ndinkasesa posesa kale, kusuntha mabenchi, kuthamangira kumsewu ndikangomva minibasi.

Ndinkaganiza kuti olemba mabuku onse anafa kalekale. Koma anatsika amoyo, ali fumbi lokhalokha, wina akudandaula msana. Ine anandipatsa mayi wina waimvi, wa magalasi omanga ndi ulusi, kuti ndiziwanyamulira chikwama ndi kuwatungira madzi.

M'kati mwa sikipamo ndinali nditabisa kope. Ndinalembamo zomwe ndinamva amayi akuuza amalume m'Chilomwe, akutonola chimanga kuseri kwa nyumba: momwe anathawira nkhondo ku Mozambiki, ine kumsana, mlongo wanga wamkulu atamugwira padzanja, ndi momwe anawolokera mtsinje wa Muloza ndi mwana mmodzi yekha. Ine amayi anali asanandiuzepo.

Masiku awiri ndinkangozungulira mlembi uja, kope likutentha pamimba. Tsiku lachitatu ndinangowatulira kopelo. Anawerenga ali chiimire, kenaka anavula magalasi.

"Amayi ako akudziwa kuti walemba izi?"

"Eya," ndinanama.

Lero ndimaona kuti funsolo linali khomo lotulukira. Nthawiyo ndinkangofuna kumveka.

Masana mlembiyo anandiimika kutsogolo kwa anthu. Chimkuzamawu chinkanunkha dzimbiri, mawu anga akubwerera kuchokera kukhoma la tchalitchi. Ndinaiwaliratu kuti amayi ali kunja kwa mpanda, akugulitsa nanazi kwa alendo. Ndinawerenga zonse: malungo a mlongo wanga, dzenje lokumba ndi phale la mphika, tsamba la nthochi lomwe anamufunditsa. Anthu anaimirira kuwomba m'manja. Mlembi uja anandigwira phewa nati ndisadzasiye kulemba.

Ndinathamangira kumpanda kuti ndikawauze. Ndinapeza dengu lokha, mpeni uli pa nanazi yosenda theka, ntchentche zitayamba kale kutera. Amayi ogulitsa mandasi pambalipo anangoloza njira ya kwathu ndi mlomo.

Ndinasenza dengu mpaka kunyumba. Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo tambalale, manja ali pamwendo opanda chogwira. Amayi sankakhala choncho dzuwa lili pamutu.

"Akuwombera m'manja, mwananga?"

"Eya, amayi. Mpaka aimirira."

Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.

"Ine pomukwirira paja ndinali ndekha."

Analowa m'nyumba. Ine ndinatsala panja ndikufufuma ndi mkwiyo, chifukwa ana anzanga makolo awo akanawaphera nkhuku. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinkaganiza kuti nkhani ndi ya amene wailemba bwino, ndipo madzulo onse aja ndinkadikira kuti amayi atuluke adzandipepese.