Tsamba Limene Silinali la Mango

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene maso a adada anathima. Sanathime tsiku limodzi ayi. Anayamba ndi kudandaula kuti nyali yathu yachepa mphamvu, kenaka kuti osindikiza nyuzi ayamba kulemba tizilembo tating'ono, mpaka m'mawa wina tinawamva akupereka moni kwa mtengo wa papaya wa pakhomo poganiza kuti ndi mlendo. Kuchipatala anawauza kuti nthenda yake ndi yosabweza. Anasiya ntchito ya ukalaliki pa doko la ku Chilumba, ndipo ine Wezi, mwana wawo woyamba, ndinayamba kuwayendetsa. Dzanja lawo lamanzere linkakhala paphewa panga, ndodo kumanja. Ndinkawawerengeranso makalata ndi Baibulo. Amayi anali a ku Ntcheu, choncho pakhomo tinkalankhula Chichewa, koma adada akamapemphera kapena akakhudzidwa kwambiri, Chitumbuka ndicho chinkatuluka.

Kumtunda kwa Chilumba, ukadutsa minda ya chinangwa, kunali nkhalango ya boma. Ife ana tinkangoiona patali ngati chinthu chobiriwira choletsedwa. Adada anabadwira m'menemo, boma la atsamunda lisanasamutse anthu kuti malowo akhale a mitengo yokha. Mayi awo, agogo NyaGondwe, anamwalira adada ali aang'ono ndipo anaikidwa komweko. Chaka chimene maso a adada anathima kunamwalira azakhali a ku Hara, omwe anali omaliza kudziwa manda aja pamodzi ndi adada. Titabwerako ku malirowo, adada ananena kuti akufuna kupita kunkhalango.

Amayi anakana. "Mukufuna mukagwere m'khwawa? Ndipo mandawo simukawaona n'komwe."

"Ine sindikawaona," adada anayankha. "Akawaona ndi Wezi. Ndikafa ine asanawaone, amama atayika."

Tinanyamuka Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, tambala atangolira kachiwiri. Amayi anatipatsa chinangwa chophika ndi botolo la madzi, n'kuika khadi la chipani m'thumba la malaya a adada, poti masiku amenewo munthu sunkayenda wopanda khadi. Polowera m'nkhalango panali kanyumba ka mlonda, bambo wina wamfupi wa ku Dedza dzina lake a Chisale. Anayamba ndi kufunsa khadi, n'kulitembenuzatembenuza, kenaka anatiyang'ana ngati tanyamula nkhwangwa kapena machesi. Atamva chimene tinadzera anavula chipewa.

"Pitani, achikulire. Koma dzuwa lisanapendeke mukhale mutatuluka. Iwe mtsikana, m'makwawa muli chitedze."

Adada anandiuza zizindikiro zimene ankazikumbukira. Tidzatsata khwawa mokwera mpaka pamene makwawa awiri akumana. Kumtunda kwake kuli mwala wafulati wokhala ndi maenje, pamene amayi a m'mudzimo ankaperapo mawere. Pafupi pake pali mitengo itatu ya mango imene anadzala agogo awo, ndipo manda ali patsinde pa mkuyu, kum'mawa kwa mangowo. Ponena zinkamveka zapafupi ngati kupita kumsika.

Poyamba ndinkasangalala. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira, ndipo pansi masamba ouma ankalira tswatswa tikamaponda. Ndinaona gologolo ndi gulu la nkhanga, ndinkawauza adada zonse. Koma dzuwa litakwera, nkhalango inasanduka ng'anjo. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Tintchentche tating'ono tinkalimbirana maso anga. Khwawa lija linkangogawikana, apa awiri, apo atatu, ndipo lililonse linkaoneka ngati lomwe adada ankanena. Tikakwera lina, n'kupeza kuti lathera pa thanthwe, n'kubwerera. Kenaka ndinakhudza chitedze ndi mwendo. Amene chinamuyabwapo akudziwa. Ndinkakanda mpaka magazi, misozi ili m'maso, dzanja la adada likulemera paphewa ngati mtolo wa nkhuni. Madzi m'botolo anali atatsala pansi penipeni, ndipo kumtunda kunkamveka anyani akukuwa.

"Tiye patsogolo pang'ono," adada ankangotero. "Pang'ono chabe."

Apa ndi pamene maganizo oipa anandibwerera. Ndinadziuza kuti adada saona, ndipo mtengo ndi mtengo basi. Akagwada patsinde pa uliwonse n'kupemphera, mtima wawo ukhala pansi, tibwerera kwathu. Ndinkaona ngati ndikuwachitira chifundo. Patsogolo pathu panali mitengo ikuluikulu ya masuku yamthunzi wabwino.

"Adada, tafika! Mango aja ndi awa."

Anaima chilili. "Ilipo itatu?"

"Itatu."

"Nanga mwala?"

"Uli apo, wakwiririka ndi masamba."

Anandiuza kuti ndiwafikitse pamtengo. Anausisita khungwa ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, ngati akusisita nkhope ya munthu. Kenaka anakweza dzanja, n'kuthyola tsamba, n'kulifikisa pakati pa zala, n'kulinunkhiza.

"Ili si tsamba la mango," anatero motsitsa mawu. "Wezi, mwana wane, ukatopa uzinena kuti watopa. Kutopa si mlandu. Koma ine ndilibe maso ena. Ukandinamiza iwe, ndiye kuti ndachita khungu kawiri."

Sanandimenye, sanakalipenso. Anangoti tibwerere, ndipo pobwerera sanaike dzanja paphewa panga. Anayenda okha ndi ndodo, akufufuza njira, ine ndili patsogolo ndikuwauza kuti apa pali mwala, apa pali muzu. Chilichonse chimene ndinkanena ankayamba achiyesa ndi ndodo asanaponde. Potsika khwawa lina anaterereka n'kugwa, bondo n'kuchekeka. Ndinathamanga kuti ndiwadzutse, koma anadzuka okha. A Chisale atationa tikutuluka, adada magazi ali chuchuchu pa thalauza, anafunsa ngati tapeza. Adada anangoti, "Lero ayi."

Kunyumba sanawauze amayi chimene ndinachita, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu. Sabata yonseyo ankandilankhula bwinobwino, koma kalata itabwera kuchokera kwa amalume a ku Mzuzu anadikira amayi kuti abwereko kumsika adzawawerengere. Kutchalitchi Lamulungu anawatsogolera ndi amayi. Ine ndinkayenda pambuyo, manja ali lende, ndikuona ngati mpingo wonse ukudziwa.

Lachinayi ndinalephera kupirira. Titaweruka kusukulu sindinapite kunyumba, ndinalunjika kwa a Chisale. Unali mtunda ndithu, ndipo ndinafika yunifolomu itanyowa ndi thukuta. Ndinawapeza akunola chikwanje.

"Bambo, m'nkhalango muno mango ali pati?"

Anandiyang'ana modabwa. "Wabwera wekha? Amayi ako akudziwa?"

"Sakudziwa. Koma sindichoka musanandiuze."

Anaseka, kenaka anasiya kuseka ataona nkhope yanga. Anandiuza kuti mango samera okha m'tchire, ukawaona ndiye kuti panali mudzi. Iwo ankadziwa malo awiri, poti nyengo ya mango anyani onse amasonkhana kumeneko. Anatola kamtengo n'kujambula pansi: msewu wotchingira moto umene amalambula chaka ndi chaka, khwawa loyamba, khwawa lachiwiri. Anati ife tinalakwitsa potsata khwawa kuyambira kumunsi, chifukwa madzi a zaka zambiri anakumba makwawa atsopano amene adada sakanawadziwa. Ndinakopera zonse kuseri kwa kope langa la masamu. Kunyumba amayi anandikalipira chifukwa chochedwa, ine ndinangolandira.

Lachisanu ndinapita pamene adada anakhala pakhonde, n'kugwada.

"Adada, ndinakunamizani. Ndikupempha tipitenso mawa."

"Ukandiuza chiyani kumeneko?"

"Zimene ndikuona. Zimene sindikuona ndidzanena kuti sindikuona."

Anagudubuza ndodo pakati pa manja. Kenaka anati, "Uwauze amayi ako atipatse mabotolo awiri."

M'mawa mwake, titangodutsa minda ya chinangwa, dzanja lija linabwerera paphewa panga popanda mawu alionse. Ndinayenda mowongoka ngati msilikali wa ku kampu.

Ulendo uwu tinatsata msewu wotchingira moto. Kutentha kunali komweko, tintchentche tomweto, ndipo zilonda za chitedze zinali zisanapole. Koma ndinkalankhula njira yonse. Ndikasokonezeka ndinkanena kuti, "Apa sindikudziwa, dikirani," n'kuwakhazika pamthunzi, ine n'kuthamangira patsogolo kukaona. Nditatopa ndinanena kuti ndatopa, ndipo tinakhala pansi n'kudya chinangwa. Malo oyamba tinawapeza dzuwa lili pamutu. Adada ananunkhiza tsamba, nkhope yawo n'kuwala.

"Ndi mango ndithu. Ilipo ingati?"

"Umodzi wokha, adada. Ndazungulira ponse. Mwala palibe, mkuyu palibe."

Ndinaona kuwala kuja kukuchoka. Anapuma mozama n'kunena kuti mwina pamenepo panali pa anthu ena a kwa Mhango. Anandifunsa ngati ndingathe kupitirira. Ndinati ndingathe, ndipo nthawi iyi zinali zoona.

Malo achiwiri anali kuseri kwa kaphiri, pokwera pake pa miyala yoterera. Adada anakwera chokwawa m'malo ena, ine ndikuwaikira phazi popondapo. Titafika pamwamba ndinaona mitengo iwiri ya mango, yaitali kuposa ina iliyonse imene ndinaionapo, yodzaza ndi timango tatiwisi. Pansi panali zikhokho za mango zakale zimene anyani anataya.

"Iwiri, adada. Koma pali chitsa chachikulu chowola pakati pake."

"Funa mwala."

Ndinaupeza kumunsi pang'ono, utakutidwa ndi udzu. Ndinakokolola masamba ndi manja, ndipo maenje anaonekera, anayi, osalala ngati mkati mwa mbale. Ndinagwira dzanja la adada n'kulilowetsa m'dzenje limodzi. Anagwada pomwepo. Anayamba kulankhula Chitumbuka mofulumira, akutchula maina a anthu amene sindinawamvepo, uyu ankapera apa, uyu nyumba yake inali apo. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene anabwerako kuchipatala, koma apa misozi inkatsika m'maso awo osaona aja osaipukuta.

Kenaka tinapita kum'mawa kukafuna mkuyu. Unalipo, koma unali utagwa kalekale, thunthu lake litadyedwa ndi chiswe.

"Ukuona mtumbira?" adada anafunsa.

Ndinayang'ana ponse. Panali udzu wouma, zitsamba ndi chulu. Mawu oti "inde" anali pakamwa penipeni, ndipo nthawi iyi sikunali kutopa, chinali chisoni. Munthu wakwera phiri chokwawa, umuuze kuti palibe kanthu?

"Palibe mtumbira, adada. Pangokhala pafulati."

"Chabwino. Tifune ndi manja."

Tinagwada tonse awiri n'kuyamba kuzula udzu, kupapasa nthaka. Patapita nthawi adada anakhudza mwala wozikika, kenaka wina pambali pake, kenaka wina. Inali miyala yondandalikidwa ndi anthu. Titalambula bwino tinapeza kuti manda analipo atatu, oyandikana, ndipo pa ena panali phale la mphika wakale. Ndinawafunsa kuti a agogo ndi ati.

"Sindikudziwa," anatero. "Ndinali mwana. Ndimakumbukira mkuyu basi."

Ndinaganiza kuti akhumudwa, koma anandituma kuthyola nthambi zamasamba, ndipo tinasesa manda onse atatu mofanana. Anapemphera, n'kuwauza agogo kuti uyu ndi Wezi, mdzukulu wanu, ndiye wandibweretsa. Kenaka anandiuza kuti ndiime, nditembenuke pang'onopang'ono, ndinene mokweza chilichonse chimene ndikuona kumbali zonse zinayi, kuti chikhazikike m'mutu. Tinatuluka m'nkhalango mochedwa kuposa mmene a Chisale analamulira, ndipo tinawapeza ayamba kale kutitsatira ndi chikwanje chawo. Atamva kuti tapeza anagwira adada chanza ndi manja awiri.

Adada anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Ine ndinakula n'kukhala namwino, ndipo zaka zambiri ndinagwira ntchito m'zipatala za kwathu konkuno, kumene dokotala wochokera kummwera ankalankhula Chichewa kapena Chingerezi, wodwala n'kumamva Chinkhonde kapena Chitumbuka chokha. Woima pakati ndinkakhala ine. Kangapo konse dokotala ankanena mawu olemera, wodwala n'kundiyang'ana kuti, "Akuti bwanji?" Pamenepo m'posavuta kunena kuti akuti muchira, ndipo palibe amene angakugwire. Ndaona anzanga abwino mtima akuchita zimenezo, ndipo sindiwaweruza. Koma ndinazindikira kuti bodza lotere kawirikawiri limapeputsa wonenayo, pamene winayo umamusiya akupita kunyumba osadziwa kuti ayenera kuitana ana ake. Choncho ndinkakoka mpando, n'kukhala pafupi, n'kunena zimene dokotala wanena, mofatsa mmene ndingathere. Ena ankalira, ena ankandikwiyira. Koma akabweranso kuchipatala, pakhomo pomwe ankafunsa za ine, potchula dzina la mfunda wanga, kuti, "Kodi NyaMsiska alipo lero?" Akamva kuti ndili ku wodi ina, ankakhala pabenchi n'kundidikira.