Lita Imodzi ya aPakhosi

Ku Petauke mukafunsa za Mateus Sandramo anthu adzakuyang'anani ngati mwasochera. Koma mungoti aPakhosi, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pa siteshoni adzakulozerani kumene galimoto yawo yaima. Dzinali analipatsidwa pomwetsera mafuta. Bambowa sakhutira pampu ikadzizimitsa yokha. Amatsika, kugwedeza galimoto ndi phewa, kusuzumira m'thanki, kenako n'kunena kuti, "Onjezelani, mpaka pakhosi." Dizilo akaonekera pakamwa penipeni pa thanki m'pamene amati "Pulonto!", kutanthauza kuti basi zatheka, liwu lokhalo la Chipwitikizi limene linawatsalira.

Anabwera ku Zambia ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nkhondo ya ku Mozambique itawotcha mudzi wawo. Anayenda wapansi ndi amayi awo, atasenza chigubu cha madzi pamutu. Tsiku lachisanu, mapazi atatupa, lole ya thonje inawadutsa ndi fumbi lake. Inapita patsogolo pang'ono, inaima, kenako inayamba kubwerera chambuyo. Dalaivala sanawafunse dzina kapena kumene achokera, anangoti kwerani. Nkhope ya munthuyo aPakhosi anaiwala kalekale, koma kulira kwa lole ikubwerera chambuyo amakumva mpaka lero. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera kwawo. Iwo anatsala, anakwatira Ezelina, n'kumanga ku Nyampande.

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akuyendetsa galimoto ya bungwe lina la alimi a mpendadzuwa. Galimoto yoyamba inali nkhalamba yotsokomola, geji yake ya mafuta inafa asanaipeze n'komwe. Ankayeza dizilo ndi kandodo kansungwi kamene anakalemba mizere ndi mpeni. Kandodoko sikanawanamizepo. Pa zaka zonsezo mafuta sanawatherepo panjira, ndipo nkhani imeneyi amaikamba kawirikawiri moti aEzelina amaimaliza okha akaiyamba.

Chaka chatha bungwe linagula galimoto yatsopano, yoyera mbee, ya zitseko zinayi, mipando ikadali m'mapulasitiki. APakhosi anaizungulira katatu asanaikhudze. Atayesa kulowetsa kandodo kawo m'thanki, kanakana, chifukwa khosi la magalimoto a masiku ano ndi lokhota. Anapita nako kunyumba mwachisoni, aEzelina n'kukasandutsa kopirikitsira nkhuku.

Galimotoyo inabwera ndi buku, ndipo bukulo linati imamwa malita asanu ndi awiri pa makilomita zana. Mkulu watsopano wa bungwe, amai Rachael Daka, anali munthu wachilungamo ndithu, koma wokhulupirira zolembedwa. Anayamba kupereka mafuta molingana ndi buku. Mwezi woyamba aPakhosi anabwera kudzapempha oonjezera. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachitatu zinaoneka poyera kuti galimoto ikumwa malita khumi ndi imodzi, osati asanu ndi awiri.

Amai Daka sanawatchule kuti wakuba. Anangowafunsa modekha kuti malita anayi enawo akupita kuti. Koma m'mbali mwa msewu waukulu muli anthu ogulitsa dizilo wa m'zigubu, ndipo aliyense amadziwa kumene dizilo wotere amachokera. Nkhani inatuluka mu ofesi, inadutsa pamsika, inakafika mpaka ku Nyampande. Lamlungu lina, aPakhosi atangomaliza kuwerenga mawu a Mulungu kutsogolo, mwamuna wina anawagwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kunena moseka, "APakhosi, tigulitsenkoni malita awili chabe." Anthu anaseka. Iwo sanaseke, ndipo tsiku limenelo sanadye.

"Muzafa na njala chifukwa cha buku?" anatero aEzelina. "Amene analemba uja anafikako kuno? Anauona mchenga wathu?"

"Makanika wina ananiuza kuti motoka ya m'buku amaiyesela m'nyumba," anayankha aPakhosi. "Amaiika pa vitsulo vozungulila, mawilo ayenda koma yeve ali pamodzimodzi. Kulibe phili, kulibe thumba la mbeu."

"Manje muuza ine? Ndine nikulembani nchito? Kauzeni amai Daka."

Anapitadi, chipewa chili m'manja. Anapempha kuti amai Daka akwere nawo tsiku limodzi lathunthu. Adzaze thanki mpaka pakhosi iwo akuona, agwire ntchito ya masiku onse, pobwerera adzazenso mpaka pakhosi, pampu inene yokha. Amai Daka anavomera.

Panali chinthu chimodzi chimene aPakhosi sananene. Lamulo la bungwe limaletsa kunyamula anthu panjira, ndipo linalembedwa pachitseko cha galimoto ndi zilembo zofiira. Iwo lamuloli anali kuliphwanya pafupifupi tsiku lililonse. Sankalandira kanthu. Kungoti munthu woyenda wapansi atasenza katundu sankatha kumudutsa. Ankaima, nthawi zina kupatuka kukamutula kuchigayo kapena kuchipatala, n'kubwereranso mumsewu.

Tsiku la mayeso ananyamuka m'mawa ndi matumba a mbewu kumbuyo. Anatsikira ku Nyimba, anakwera mapiri a ku Kacholola, galimoto ikubuula pansi pa katundu. Anapatuka m'tinjira tafumbi kukatula mbewu kwa alimi. Dzuwa litakwera amai Daka anapempha mphepo yozizira ya m'galimoto, ndipo aPakhosi anaiyatsa mwaulemu wonse, n'kungonena kuti, "Nayo imamwa, amai."

Vuto linali anthu. Pa mlatho wina amayi awiri a mitolo ya nkhuni anaimika dzanja akumwetulira kale. Galimoto inadutsa. Kutsogolo mphunzitsi wina wonyamula katoni ya mabuku anafuula kuti "APakhosi!" Inadutsanso. Amai Daka anati, "Mudziwika maningi muno." Iwo anangoti, "Eya, amai," maso ali pamsewu, thukuta likutsika ngakhale m'galimoto munali mozizira.

Masana, atatula matumba omaliza ku Nyampande, anakumana ndi aJulio. AJulio ndi mnzawo wa ku ubwana, anakulira limodzi mumsasa wa othawa nkhondo, ndipo mwendo wawo wamanzere ndi wolumala. Anali kukankha njinga yoduka tcheni kulowera kutauni, akazi awo odwala atakhala pakaliyala, atafunda chitenje kumutu. Ataona galimoto yoyera aJulio anaima, anakweza dzanja, nkhope yonse ikuwala. APakhosi anachotsa phazi pamafuta. Anayang'ana amai Daka, anayang'ana chitseko, n'kupondanso. Pagalasi anaona dzanja la aJulio likutsika pang'onopang'ono m'kati mwa fumbi. Anayendetsabe osaima mpaka ku Petauke.

Pomwetsera mafuta, Abby, mtsikana wa pa pampu amene amadziwa mwambo wonse, anadzaza, anadikira kuti galimoto igwedezedwe, n'kuonjezera mpaka pakhosi. APakhosi sananene kuti pulonto. Amai Daka anatenga nambala ya pa pampu ndi makilomita a tsikulo, anawerengera pa foni, anabwerezanso kachiwiri. Galimoto inali itamwa malita khumi pa makilomita zana, iwo eni ali m'katimo, popanda paipi kapena chigubu.

"ASandalamu," anatero, kuwatchula dzina lawo lenileni monga amalitchulira anthu a kuno, "munikhululukile. Buku yatinamiza tonse. Mailo m'mawa nizakamba pamaso pa onse mu ofesi kuti ndimwe munthu woongoka."

Apa munthu wina aliyense akanathokoza n'kupita kwawo. Dzina linali litayera, ndipo lita imodzi yotsalayo palibe akanaifunsa. Ine ndikanapita. Koma aPakhosi anaimabe pomwepo, akupotokola chipewa chawo.

"Amai, lelo yamwa teni. Miyezi ija inali kumwa leveni."

"Imodzi si kanthu, bambo."

"Ni kanthu. Atatu aja ni bodza la buku. Koma imodzi ija ni yanga. Sininagulitsepo dontho. Koma nimanyamula anthu. Onse aja munaona atiimika lelo, nimawanyamula. Ine nili mwana, nili kuthawa nkhondo, munthu wina anabweza lole kumbuyo chifukwa cha ine na amai anga. Manje lelo nadutsa aJulio na mkazi wawo odwala, kuti mweo muone kuti ndine munthu wabwino. Ngati ni kunichotsa nchito, munichotsele imeneyo, osati ija yakuba."

Amai Daka anayang'ana zilembo zofiira pachitseko, zimene iwo omwe anauza wopenta kuti alembe. Abby anali atagwirabe paipi m'manja, akunamizira kuti sakumva.

"Aja a njinga aja?" anafunsa amai Daka.

"Eya, amai."

"Ayenda ku chipatala?"

"Kulibe kwina kumene angayende na munthu odwala."

"Nanga thanki yadzala?"

"Mpaka pakhosi."

Amai Daka anatsegula chitseko cha kumbuyo, anachotsa chikwama chawo pampando kuti papezeke malo, n'kukakhala kutsogolo. "Manje muyembekeza chani? Na mwendo uja sanafike patali."

Kutsogolo kwawo kunali basi itatseka njira yotulukira. APakhosi sanaidikire. Analowetsa giya ya kumbuyo, ndipo galimoto yatsopano ija inayamba kubwerera chambuyo, maso awo atadzaza misozi moti Abby anachita kuwakuwira kuti asagunde pampu.