Pakati pa Tayala ndi pa a Vailet

A Willard Chikaonda a ku Braunstone mumawazindikira ndi msana. Amayenda chowongoka ngati wina wawasenzetsa ndowa yodzaza. Msanawo anauumbira ku Mponela, komwe anachita kabaza wa njinga yamoto zaka zisanu ndi ziwiri, kunyamula amayi a mazira kupita nawo kumsika. Mayi kumbuyo, mathireyi asanu pamiyendo pa mayi, msewu wa zigwembe zokhazokha, koma dzira silinasweke ndi limodzi lomwe. Mukawapatsa mpata amakuuzani zimenezi ngakhale pamaliro.

Ku Leicester, ku Mangalande, anabwera motsatira akazi awo, a Vailet, omwe ndi nesi. A Willard anapeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, makomo asanu ndi atatu patsiku, kuyambira ku Braunstone mpaka ku Beaumont Leys. Pa basi ankafika tiyi wa nkhalamba atazizira, ndiye anagula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito. Atangoikwera tsiku loyamba anayamba kuimba muluzu, womwe anali atausiya ku Mponela.

Vuto linalowera pa foni. Anaona anthu akuthamangitsa njinga pabwalo la mpikisano ku Mallory Park, kunja kwa tauni pang'ono, akumagona nazo pokhota mpaka bondo kukhula pansi. Anamva kuti masiku ena munthu wamba amaloledwa kulowa pa thirakipo ndi njinga yake yomwe. Analembetsa mwakachetechete kuti apiteko Loweruka. Koma matayala awo anali atatha ngati mpala, ndiye anapita kwa Azhar, mnzawo wogulitsa matayala.

"Mukufuna a pamsewu kapena a pa thiraki?" anafunsa Azhar.

"Onse awiri m'limodzi, bwana. Loweruka ndine wampikisano, Lolemba ndikukasambitsa agogo a Harold."

Azhar anaseka, n'kufotokoza. A pa thiraki okhaokha amafuna kutentha, ndipo pa mvula ya kuno amaterera ngati sopo. A pamsewu okhaokha amatopa msanga mukawathamangitsa tsiku lonse. Kenako anagubuduza lina. "Ili ndi la anthu a mitima iwiri ngati inu. Pakati ndi polimba, sipatha msanga, ndi popitira ku ntchito. M'mbalimu ndi mofewa, mumagwira pansi mukagona pokhota." M'mbalimo munali tiubweya ta labala, tija timakhala pa tayala latsopano.

A Willard anaikitsa awiri. Cholakwa chawo n'choti anakabwereza mawu a Azhar kunyumba, onse, mpaka za Loweruka zomwe.

A Vailet anamvetsera akupinda zovala za mwana wawo Thandi. Ku wodi kwawo amaonako anyamata ovulala pa njinga, koma sanatchule zimenezo. Anangoti, "Ndiye pakati ndi pa ntchito?"

"Eya."

"Ntchito ndi ya banja. Ndiye pakati ndi panga. M'mbalimo ndi mwanu, kaseweretseni."

Lachisanu masana anatuluka ndi botolo la kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo, anagwada, n'kudontheza madontho khumi ndi awiri pakati pa tayala lililonse. "Bambo a Thandi, mukabwera madontho anga atafufutika, njingayi ndikuiika pa Facebook. Mubwerera pa basi."

A Willard sanaone chovuta. Pa foni paja anthu ankangokhala chogona. Pofuna kuti madontho asathere m'njira, anabwereka minibasi ya kutchalitchi, anachotsa mipando itatu, nakweza njinga ngati wodwala.

Anawaika m'gulu la oyamba kumene. Chipata chitatseguka, a Willard anaona chinthu chomwe foni inawabisira: thiraki ili ndi malo owongoka, aatali ndithu. Powongoka njinga imayenda ndi pakati. Pakati pa a Vailet! Anayamba kupinda uku, kupinda uko, ngati njoka yapsa mchira, kuti ayendere m'mbali. Omwe anali m'mbuyo mwawo anasowa podutsira. Mmodzi anadutsa akupukusa mutu ndi helemeti yomwe.

Kenako pokhota pajatu panafika, malo awo, gawo lawo la tayala. Mtima unati gonani. Msana unati ayi. Anamva bwinobwino mayi wa mazira atakhala kumbuyo, mathireyi asanu pamiyendo. Anachepetsa liwiro, analiza hutala kuchenjeza ngolo yomwe ingabwere kutsogolo, ndipo anakhota ali njo, ngati akupita kukalandira mgonero.

Anazungulira choncho kawiri. Ulendo wachitatu, bambo wina wovala malalanje anaima m'mphepete, anakweza mkono atagwira mbendera yakuda, n'kuwaloza iwo. Mbendera imeneyo imatanthauza kuti tulukani, ndipo anali atawauza m'mawa womwewo. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri, munthu wokweza mkono m'mbali mwa msewu ankatanthauza chinthu chimodzi. A Willard anakhotera kumbali, anaima pamapazi pake penipeni, anatukula galasi la helemeti, nafunsa m'Chichewa:

"Mpaka kuti, bwana?"

Bamboyo sanafune kupita kulikonse. Anakuwa, manja ali m'mwamba, mpaka a Willard anamva kuti wopita ndi iwowo. Anawakhazika pansi, anawalangiza nthawi yaitali, ndipo masana onse anayenda pambuyo pa mlangizi, mowongoka, mwaulemu. Pa ulendo uliwonse ankamva madontho akutsazika.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. A Vailet anali pakhomo, foni m'manja, yokonzeka kujambula njinga. A Willard anaitsitsa mu minibasi muja. Muluzu panalibe.

A Vailet anagwada. Pakati panalibe dontho ngakhale la mankhwala. Ndiye anayendetsa chala m'mbali. Tiubweya tija tinali chilili tonse, kutsogolo ndi kumbuyo, monga tinachokera kwa Azhar.

"Simunagone?"

"Msana unakana, mayi a Thandi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndinali ndi mazira."

A Vailet anakhala chigwadire, chala chili pa tiubweya, nthawi yaitali kuposa yofunika powerenga madontho oti palibe. Anapuma mpweya wautali, ngati womwe anausunga kuyambira m'mawa. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kyutekisi uja. Anayamba kudontheza m'mbali, uku khumi ndi awiri, uku khumi ndi awiri.

"Tasinthana. Pakati tengani, mwapadya kale. M'mbalimu ndi mwanga tsopano. Dontho limodzi lokha likachoka..."

"Facebook."

"Mumamva bwino inu mukafuna."

Lolemba kunagwa mvula, ndipo a Harold anasamba nthawi yake. Pano padutsa miyezi isanu. A Willard amazungulira ma raundabauti a mu Leicester ali njo, magalimoto akuwalizira mahutala, iwo akubwezera mwaulemu. Tsiku lina anapita kukapopetsa mpweya kwa Azhar. Azhar anayang'ana madontho ofiira aja, onse ali m'malo mwake, nafunsa ngati tayalalo lili ndi chikuku.

"Limenelo musakhudze m'mbali, bwana," anatero a Willard. "Ndi mwa eni ake."