Amuna Awiri pa Maliro a Achemwali

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chotsamira thumba la mapira. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatheratu mawu. Otsala atatu okha ndiwo ankang'ung'udza nyimbo kwinaku akudziomba udzudzu m'miyendo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo kwathu kuno ku Makhuwira kutentha sikudikira kuti dzuwa lituluke. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale, nyemba zili pamafuwa, mbuzi ziwiri zikusendedwa. Kumeneko ndinapezako alamu anga a Zuze, amuna a malemuwo, akuwaza nkhuni. Ndinawakumbutsa kuti namfedwa sagwira nkhwangwa. Anayankha kuti akangokhala pansi amayamba kuganiza, n'kupitiriza kuwaza.

Womwalirayo anali mkulu wanga, achemwali a Dorofina. Amene munaonerapo mafilimu a Chichewa m'tinyumba ta vidiyo ta pamsika mumawadziwa, ngakhale dzina simulidziwa. Ndi mayi wamfupi wamaso akuthwa uja amene m'filimu iliyonse ankamana chakudya ana amasiye, kubisa ndiwo pansi pa bedi, ndi kuthamangitsa apongozi ake atanyamula chipande. Anayamba ali kamtsikana ndi kuvina utse, gule wa amayi kuchigwa kuno. Gulu lina la zisudzo zophunzitsa za kolera linawaona akuvina pa ukwati ku Nchalo n'kuwatenga, ndipo kuchokera pamenepo anakwera mapiri kupita ku Blantyre, kumene anakhala zaka zambiri akusewera mafilimu. Kunyumba anali munthu woti nkhuku ikamaphedwa amathawira kuseri. Zaka ziwiri zomaliza shuga anawagwetsa, miyendo inatupa, ndipo a Zuze, amene anali atapuma ntchito yothirira nzimbe ku esiteti, ndiwo ankawasambitsa ndi kuwanyamula kukawakhazika pamthunzi.

Dzuwa litangotuluka anthu anayamba kufika. Ena anawoloka Shire pa bwato, ena pa njinga atatu atatu, ndipo amalonda ena a ku Marka anabwera pa lole yomwe inali ikununkhabe nsomba zouma. Ambiri sitinkawadziwa. Ndinadabwa kuona anthu atavala ngati akupita ku ukwati, mpaka mkulu wina wandevu zoyera atandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona kuti makamera tawabisa pati. Anati mayiyu iye wamuona akufa katatu: kamodzi ndi mphenzi, kamodzi ndi ng'ona, kamodzi ndi mankhwala a makoswe amene anathirira mnzake, ndipo nthawi zonse ankatulukiranso m'filimu ina ali wonenepa. Ndinamuuza kuti ulendo uno ndi zoona. Anagwedeza mutu ngati wamva, koma ndinamuona akusuzumira mumtengo wa mango.

Mayi wina wonenepa analowa m'nyumba ya siwa mosagwada n'komwe. Ananena poyera kuti wayenda kuchokera ku Ngabu kudzaona ndi maso ake kuti mfiti yozunza ana amasiye ija yapitadi. Atangoona nkhope ya achemwali m'bokosi, anakhala pansi n'kulira kuposa tonsefe, mpaka tinachita kumupatsa madzi.

Cha m'ma teni koloko kunafika minibasi ya anzawo a mafilimu. Woyamba kutsika anali bambo wamtali wadazi, wamawu ngati ng'oma, amene pafupifupi m'filimu iliyonse ankasewera ngati mwamuna wa achemwali. Anavala suti yakuda ndi magalasi akuda, kunja kukutentha moti ngakhale mbuzi zinali zitabisala pansi pa nkhokwe. Amayi obwera aja atangomuona anayamba kulira mokweza. Anamugwira manja uku ndi uku, kupita naye pansi pa mango, n'kumukhazika pampando wokhawo wa khushoni, umene tinaikira alamu. Eni mpandowo anali atapita kukaonetsa okumba manda pamene pali manda a amayi athu.

Pobwerera anapeza mzere wa anthu ukupepesa munthu wina. Anaima pang'ono, kenako anakoka njerwa ziwiri n'kukhala kumapeto kwa abambo. Bambo wa suti uja ankalandira dzanja lililonse, kuvula magalasi, kupukuta diso limodzi, kuvalanso. Kulira ankakudziwa, inali ntchito yake. Ine mtima unandiwira. Ndinapita kwa alamu n'kuwauza kuti ndikukamudzutsa.

"Musiyeni, alamu," anatero. "Wachokera kutali. Ndiponso akulira bwino kuposa ine."

Abusa athu anali atsopano, ochokera kumtunda, ndipo anali asanawaonepo a Zuze chifukwa miyezi yonseyo alamu ankakhala pakhomo kudwazika. Polalikira anadzudzula mafilimu kuti amaononga achinyamata, ndipo anati iwo saonera zimenezo. Kenako pofuna kupereka chitsanzo cha mkazi wouma mtima anafotokoza za ndiwo zobisa pansi pa bedi zija mwatsatanetsatane, mpaka mtundu wa mbale. Anthu anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Pomaliza anapita pampando wa khushoni, kusanjika dzanja pa dazi la bambo uja, n'kupempherera mwamuna wamasiye amene wapirira zaka zonsezi. Bamboyo anayankha ameni wamkulu. Mwana wa achemwali, Luwisi, anafuna kuimirira, koma bambo ake anamugwira buluku n'kumukhazika pansi.

Panali nkhani ina imene tinalimbana nayo dzulo lake. Achemwali asanamwalire ananena kuti asadzapite kumanda ngati katundu, ng'oma zidzawaperekeze. Abusa anakana, ife tinaumirira, ndipo tinagwirizana kuti ng'oma zilire kuchokera pakhomo mpaka pamtengo wa bwemba, kuchoka apo nyimbo za mpingo zokha.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Mchenga unkaotcha m'mapazi, mphepo yotentha ikutiponyera fumbi m'maso. Kutsogolo kunali bokosi, pambuyo pake bambo wa suti atagwiridwabe ndi amayi awiri, kenako amayi a utse akuomba m'manja ndi kugwedeza m'chiuno, ena a iwo okalamba amene anavina ndi achemwali ali atsikana. Alamu anali kumapeto kwenikweni, atanyamula chigubu cha madzi a okumba manda.

Titayandikira bwemba, oimba ng'oma anasintha kamenyedwe n'kuyamba likhuba, gule wa abambo wofuna miyendo yopepuka. Anthu anazindikira msanga. M'filimu ina yakale achemwali anakwatiwa, ndipo pa ukwatiwo mkwati anavina likhuba moti kamera inangoloza mapazi ake akutibula fumbi. Anyamata a kuno anakula akuyeserera mapazi amenewo. Ndiye gulu lonse linayamba kufuula kuti bambo atsanzike mkazi wake ndi gule yemwe uja. Onyamula bokosi anaima. Anthu anapanga bwalo.

Bambo uja anayesa kukana, kuloza bondo, kuloza suti, kuloza abusa. Abusa anayang'ana bwemba, n'kuona kuti padakali mapazi angapo kuti tifikepo, anangozileka. Amayi awiri aja anamukankhira pakati. Anayamba ndi kukweza mapewa, kenako anaponda pansi ngati akupha nyerere. Ng'oma zikapita uku, iye ankapita uko. Atayesa kudumpha, nsapato imodzi inavuka n'kukagwera mayi wa ku Ngabu uja pachifuwa, ndipo iye anakhala pansi m'fumbi, magalasi atapendekeka pamphuno.

Mkulu woimba ng'oma yaikulu anaika chikhato pachikopa, ng'oma zonse zinaleka. Anayang'anitsitsa mapazi a bamboyo n'kunena mosakweza mawu kuti miyendo iyi si ija.

Bamboyo anakhala pansipo akupuma mwawefuwefu. Ndinkaganiza kuti anamizira matenda. Koma anavula magalasi aja, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula ndi mawu ang'onoang'ono a munthu wamba.

"Zoona, si ija. M'filimu ija yanga inali nkhope yokha. Ine kuvina sindidziwa. Tsiku lojambula amuna enieni a malemuwa anabwera kudzawapatsira mlamba wouma, ndiye tinawaveka buluku langa. Eni miyendo ndi awo anyamula chigubuwo. Eni maliro ndi omwewo. Ine ndimafuna kunena m'mawa, koma mpando unali wofewa, ndipo munali mutandililira kale."

Anthu onse anacheuka. Ngakhale ine, mng'ono wa malemu, nkhani ya buluku imeneyi sindinkaidziwa. Alamu anaima ndi chigubu chawo ngati agwidwa akuba. Luwisi anawalanda chigubucho. Iwo anayang'ana bokosi kwa nthawi, kenako anawerama n'kuvula nsapato, kuziika bwinobwino pambali pa njira, n'kupinda buluku mpaka m'mawondo.

Ng'oma zinayambanso. Poyamba anthu ankasekabe, chifukwa alamu ndi munthu woonda, wa imvi, amene sitinamuonepo akuthamanga. Koma mapazi aja atangogunda pansi kawiri, anyamata anafuula kuti ndi omwewo. Anavina mozungulira bokosi, fumbi likukwera mpaka m'chiuno, nkhope ili njo, misozi ikutsika n'kumasakanikirana ndi thukuta. Amayi a utse analowa m'bwalo n'kuwazungulira. Kuseka kunatha kokha. Ndinaona mkulu wandevu zoyera uja atavula chipewa, osayang'ananso m'mitengo. Ng'oma zinadutsa bwemba, zinakafika mpaka pachipata cha manda, ndipo abusa ankayenda patsogolo atayang'ana m'buku lawo ngati sakumva kanthu.

Kumanda abusa anakonza pakhosi n'kunena kuti pemphero la m'mawa lija Mulungu akudziwa mwini wake, koma alibwerezabe kuti pasakhale chisokonezo. Ulendo uno dzanja linatera pamutu woyenera. Nkhata yoyamba anaika alamu. Pobwerera mzere wopepesa unayambiranso pachiyambi, ndipo alamu ankangoti takhuta, takhuta, zikomo wathu wa kuchigwa kuno, mpaka dzanja linatopa. Bambo wa suti uja anaima pamzere womwewo ngati wina aliyense, nsapato imodzi ili m'manja. Atafika, alamu anamugwira dzanja kwa nthawi yaitali, n'kumuuza kuti asanyamuke asanadye.

Dzuwa litapendeka lole ya ku Marka inanyamuka, minibasi inatsatira, njinga zinabalalika. Pabwalo panatsala phulusa, mphasa zopindidwa ndi nkhuku zikutola mpunga. Achibale ochepa otsala anagona pansi pa mango, Luwisi anapita kukabweza mabenchi kutchalitchi. Ndinatenthetsa madzi n'kuwaikira alamu m'beseni pakhonde, chifukwa mapazi awo anali atatupa ndipo mchenga unawawaula. Anaviika mapaziwo, ine ndikutsuka makapu pafupi.

Mwadzidzidzi anayamba kuseka okha. Anaseka mpaka madzi a m'beseni anatayikira pansi. Anati akumbukira mmene nsapato ija inaulukira. Ali m'kati moseka anatembenukira kukhomo la chipinda n'kuitana.

"Make Luwisi, tabwerani mudzamve izi."

Chitseko chinali chotsegula. M'katimo munali bedi loyalidwa, ndi ndodo ya achemwali itatsamira khoma. Alamu anayang'ana komweko, pakamwa pali potsegukabe. Ndinaika kapu pansi, kupukuta manja pachitenje, n'kukhala pamkeka pafupi ndi beseni.

"Ndiuzeni ine, alamu," ndinatero. "Ine ndinali kumbuyo, sindinaone bwino."

Ndinaona zonse. Koma anandifotokozera, kuyambira pamene minibasi inafika.