Dzanja Lamanja la Mlangizi

Mlangizi wina wa zaulimi amapereka moni ndi dzanja lamanzere, ndipo alendo amamuyesa wamwano. Sadziwa kuti lamanja linatsala ndi zala ziwiri zokha.

Unyamata wake wonse unathera panjinga, akuphunzitsa alimi kubzala nthochi. Munda umene ankaunyadira kwambiri unali wa mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, poti mbewu yake anachita kunyamula yekha pakaliyala. Kenako kunagwa matenda a chisaka: masamba kupinimbira, mkoko osatuluka. Mankhwala kunalibe, koma kuzula zonse n'kutentha. Alimi anati, "Mukayambire kwa abale anu, tione!"

Anayambiradi komweko. Atangokweza khasu pa phata loyamba, mlamu uja anatulukira ndi chikwanje, maso ali psuu.

"Alamu, wondibzalitsa ndinu, wozula ndinunso? Ana anga adya chiyani?"

"Zadwala izi, alamu. Zipatsira minda yonse."

Chikwanje chinatsika. Mlangizi anatchinga mutu ndi dzanja, zala zitatu n'kugwera m'dothi, magazi thoo pamasamba. Anakulunga balalo ndi malaya, n'kugwira khasu kumanzere mpaka phata lija linazuka, ndiye anakomoka.

Lero minda ija yabiriwiranso ndi mbewu yatsopano, ndipo chaka chilichonse mlamu uja amabweretsa yekha mkoko woyamba kwa mlangizi, nkhope ili pansi. Anthu ena onse mlangizi amawapatsa lamanzere. Koma mlamu wakeyo amamutambasulira lamanja lomwe lija, n'kudikira mpaka aligwire.