Manja a Mayi Zelipa ndi Nyale ya Eni

Mayi Zelipa Kachingwe, amene tawaika m'manda ku Brampton mwezi wathawu, anabadwira ku Ntcheu. Ali mtsikana ankayenda mtunda wautali kupita ku kalasi ya ubatizo, ndipo atakula anakhala namwino ku Blantyre. Amuna awo atamwalira, anatsatira mwana wawo Kevin kuno ku Canada. Mumpingo mwathu sanali munthu wodzionetsera. Ankalawirira kudzakonza mipando, kenako n'kukakhala kumbuyo.

Mayesero awo anadza ndi ntchito yosamalira Mayi Sushila, gogo wachihindu wobadwira ku Limbe, amene sitiroko inawapha manja onse awiri. Pangodya ya chipinda cha gogoyo panali shelefu yodzaza mafano, lina la mutu wa njovu, lina la manja anayi, maso ake okhala ngati akutsata munthu. Mayi Zelipa atawaona, thupi lonse linachita tsembwe.

"Ndiyatsireni kanyale ka pashelefupo," anatero gogoyo m'Chichewa cha ku Limbe. "Chikhalire sindinaphonyepo m'mawa. Lero manja ndilibe."

Mayi Zelipa anatenga machesi. Anayatsa, n'kuthamangira kukasamba m'manja katatu.

Nkhani inatipeza, poti ife pakamwa sipatseka. Mkulu wa mpingo, Bambo Boniface, anawaitana. "Mayi, mukuyatsira moto mafano. Ingochitani quit, muisiye ntchitoyo. Apo ayi, ku mgonero musasendere, ndipo za moyo wanu mudzayankha nokha." Ena a ife tinasiya kudya mandasi awo. Ndikulemba izi ndi manyazi, pakuti ndinali mmodzi wa iwo.

Mtima utawawawa, tsiku lina anafunsa gogoyo: "Agogo, milungu yonseyi mumaikwanitsa bwanji?"

"Kevin amakuitanani ndani?"

"Amayi."

"Malemu amuna anu?"

"Nambewe."

"Anzanu amati make Kevin, a ku ofesi amati Zelipa. Ndiye m'nyumba mwanga mumabwera azimayi anayi? Mulungu ndi mmodzi, mwana wanga. Izi ndi nkhope zake, kuti maso athu ofookawa apeze poyang'ana."

Pobwerera m'basi, Mayi Zelipa anapezeka akuwerenga pa zala: Chauta, Namalenga, Mphambe. Komabe mantha sanawachoke. Sanagwadirepo shelefu ija, sanasiyenso kuyatsa. M'mawa uliwonse ankakhwatcha machesi uku akunena Pemphero la Ambuye chamumtima. Zaka zinayi, mbale ya mgonero inkawadutsa iwo atazolika.

Gogo uja atamwalira, mkono wamanja wa Mayi Zelipa unayamba kutupa. Madokotala anati ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Ife tinanong'onezana kuti si mkono womwe unkayatsa nyale uja? Iwonso ankauyang'ana mkonowo. Anauza Kevin kuti imfa sakuiopa, chimene akuopa n'kukafika kumeneko n'kupeza chitseko chotseka.

Masana ena Bambo Boniface anapita kuchipatala ndi abusa, atanyamula mkate ndi chikho. "Lapani za nyale ija, mayi, mulandire," anatero Bambo Boniface.

Mayi Zelipa anayankha motsitsa. "Bambo, ngati ndinalakwa, Mwini wake andiuza, poti ndatsala pang'ono kufika. Koma kunama sindingathe. Munthu uja analibe manja, ine ndinali nawo."

Abusa anapemphera, n'kuwapatsira chikho. Mayi Zelipa anayesa kutukula dzanja, koma linakana. Anayesa linalo, linangogwera pabulangete. Bambo Boniface anawayang'ana manjawo. Kenako anatenga chikhocho, n'kuwadzutsa mutu ndi dzanja limodzi, n'kuwamwetsa okha.

Mayi Zelipa anatisiya m'mawa mwake, mwakachetechete, Kevin atawagwira. Funso la nyale ija sitinaliyankhe mpaka lero, ndipo ena likutisowetsabe mtendere. Koma Lamulungu lapitali tinapeza Bambo Boniface atalawirira, akukonza mipando okha, ndipo mapemphero atayamba anakakhala kumbuyo.